Thankala ya Asidi Pamwamba pa Mtsetse

Wamapasa anatuluka pageti la depoti mdima utagwira kale, m'thumba mulibe makiyi, m'mimba mulibe kanthu, mtima ukuwira ngati madzi a mu injini yotentha. Basi yokatula antchito inali itapita kalekale. Mlonda anakankha geti kumbuyo kwake pang'onopang'ono, ngati akupepesa.

"Musandide ine, a Wamapasa. Andiuza kuti musalowenso."

Dzina loti Wamapasa anamupatsa ndi anzake chaka chimene mkazi wake anabereka ana awiri pakamodzi, ndipo linamukakamira mpaka dzina la makolo ake linaiwalika. Ntchito yake inali yoyendetsa thankala, zigalimoto zazitali zija zonyamula asidi kupita ku fakitale ya feteleza. Anali atayendetsapo zoterezi m'makampani angapo, koma kuno anali asanathe chaka. Tsopano anali atachotsedwa ntchito, ndipo mlandu wake unali wokana kuyendetsa.

Thanki ya galimoto yake inkadontha. Pansi pa thanki pamakhala mpopi wotsitsira katundu, ndipo mpopi umenewo unali wokulungidwa ndi mphira wa chubu n'kumangidwa ndi waya, ngati njinga ya munthu wosowa. Mabuleki nawo ankataya mpweya. Ukaponda, unkamva kuti psiii kumbuyo, galimoto n'kumapitabe ngati mwana wosamva. Anauza makaniko, makaniko anati zitsulo zatsopano sizinagulidwe. Anauza bwana wa depoti, bwanayo anati oyendera magalimoto a boma akubwera, ndiwo adzanene.

Anabweradi masana a tsikulo. Anatsika m'galimoto yoyera atavala malaya osita bwino ndi zipewa zolimba zonyezimira, zoti sizinagundepo chitsulo chiyambire. Wamapasa mtima unakhala pansi. Anakaima dala pafupi ndi mpopi uja, tochi ili m'manja, kuti akafika awaunikire. Mmodzi anagogoda tayala ndi nsonga ya nsapato. Wina anawerenga zilembo za pachitseko. Wachitatu sanafike n'komwe, anali pamthunzi akuseka ndi foni. Palibe amene anawerama.

"Mabwana, tasuzumirani pansipa," anatero Wamapasa.

Wamkulu wawo anamuyang'ana kuchokera kumutu mpaka kumapazi. "Iwe ndiwe dalaivala kapena ndiwe boma?"

Onse anaseka. Kenako analowa mu ofesi ya bwana, momwe munali kamphepo kozizira ndi chakudya cha m'mabokosi. Atatuluka akutokosa m'mano, anamata sitika yobiriwira pagalasi la kutsogolo. Galimoto ili bwino. Iyende.

Madzulo thanki itadzazidwa, Wamapasa anati iye sakwera. Bwana sanakalipe. Anangotambasula dzanja, kulandira makiyi, n'kuitana dalaivala wina. Ndipo wina ameneyo anali mlamu wake, mlongo wake wa mkazi wake, chitsirizira m'banja lawo, amene Wamapasa yemweyo anamupemphera ntchito miyezi ingapo yapitayo. Mkazi wa mlamuyo anali ndi pakati poyamba. Mlamuyo analandira makiyi maso ali pansi.

"Alamu, musakwere," anatero Wamapasa.

"Ndikakana nanenso, alamu, nyumba ziwiri zidya chiyani?"

Wamapasa analongolola mpaka mawu anasasa. Anagogoda pa ofesi, anatsatira bwana mpaka pagalimoto yake, anatchula lamulo lililonse limene ankalidziwa. Bwana anatsitsa galasi pang'ono n'kunena kuti iyenso malamulo amawadziwa, asidi sayenda usiku, galimoto inyamuka kukacha, ndipo munthu wochotsedwa ntchito asamayendeyende m'depoti ngati galu wopanda mwini.

Choncho Wamapasa anauyamba ulendo wapansi. Maganizo ake anali amodzi: akafike kunyumba, akadzutse mkazi wake, mkaziyo akalankhule ndi mlongo wake kusanache. Mnyamatayo mawu a mlamu ankatha kuwadumpha, koma a mlongo wake amene anamubereka kumbuyo ali khanda sankawadumpha.

Msewu wochokera kudepoti umayenda pachidikha kaye, kenako umatsika mtsetse wautali wokhota, ndipo pansi pake pali mlatho. Tsidya la mlathowo ndi kumene kuli nyumba za antchito, zothithikana mpaka m'mphepete mwa mtsinje. Kumeneko n'kumene kunali mapasa ake, atagona mutu ndi miyendo pa bedi limodzi.

Akuyenda anatulutsa foni. Kumbuyo kwa thankala iliyonse kumalembedwa nambala yoti pakagwa zoopsa anthu aimbe, ndipo iye ankaidziwa pamtima. Anaimba. Inaitana mpaka kuduka yokha. Anaimba ku ofesi ya oyendera magalimoto. Anayankha mawu a mayi ojambulidwa, omuthokoza kwambiri chifukwa choimba, n'kumupempha kuti ayeserenso nthawi ya ntchito. Wamapasa analavula pansi.

"Nthawi ya ntchito! Asidi amadziwa nthawi ya ntchito?"

Analankhula yekha mokweza, ndipo panalibe womumva.

Pamwamba pa mtsetse pali kanyumba ka boma. Anakamanga kuti galimoto iliyonse yonyamula zoopsa iziima pamenepo, aione mabuleki isanatsike. Chikwangwani chake chinalipobe, chachikulu, dzimbiri litadya theka la zilembo. Koma chitseko anazula, mawindo anazula, denga linatsala mbali imodzi, ndipo m'kati munkagona mbuzi. Kuyambira pamene Wamapasa anayamba kudutsa msewuwu anali asanaonepo munthu wa yunifolomu pamenepo. Cham'munsi pang'ono panali kanjira kamchenga kopatukirako galimoto yoduka mabuleki. Mchengawo anthu anatapa kukamangira nyumba, ndipo pakamwa pa kanjirako wina anaikapo kasitolo ka malata. Zonsezi ankaziona tsiku ndi tsiku ali pachiwongolero. Usiku umenewu, akuziona ali pansi, zinamuwawa ngati akuziona koyamba.

Anatsika mtsetse mofulumira, ukali ukumukankha kumsana. Mwezi unali wochepa, wobisalabisala m'mitambo. Galimoto sizinkadutsa. M'tchire nkhululu zinkalira, ndipo kumtsinje achule anali pa msonkhano wawo.

Atatsala pang'ono kuponda mlatho, zonse zinaleka.

Achule zii. Nkhululu zii. Ngakhale madzi pansi pa mlatho sankamveka.

Kenako fungo. Ankalidziwa fungo limenelo, loswa mphuno, lokanda kukhosi, lokhetsa misozi. Ananunkhiza malaya ake, poganiza kuti mwina anadontheredwa kudepoti. Sanali malaya. Fungolo linkachokera kutsogolo.

Pakati pa mlatho panaima munthu.

Anali wamtali, atavala ovolosi ngati ya madalaivala a pakampani yawo, koma yamtundu wakale umene Wamapasa anangouonapo pazithunzi za mu ofesi. Nkhope anali atalozetsa kumtsinje. Manja ake sanali m'thumba, sanalinso m'mbali. Anali atawatalikitsa ndi thupi, zala zitatambasuka, ngati munthu amene wasamba m'manja koma alibe chopukutira.

Wamapasa anatsokomola kuti amveke. "Zikomo, bambo. Ndidutse nawo."

"Adalaivala."

Mawuwo anali osasa, otuluka movutikira ngati akudutsa pakhosi lopyapyala. Wamapasa anaima. Sanavale chilichonse chosonyeza ntchito yake, ovolosi anamulanda pageti.

"Anawerama?" anafunsa munthuyo.

"Ndani?"

"Aja a zipewa zatsopano. Anawerama?"

Nkhaniyi Wamapasa anali asanauze munthu kunja kwa geti.

"Ayi... sanawerame."

"Sawerama." Munthuyo anagwedeza mutu pang'onopang'ono, maso akadali kumtsinje. "Ikubwera."

"Chiyani?"

"Yanu ija."

"Inyamuka kukacha. Bwana wanena yekha."

"Yanyamuka kale. Kaimitseni pamwamba. Ikangoloza mphuno pansi, si yanunso."

Wamapasa anafuna kuseka, anafuna kutukwana, anafuna kungodutsa. Ndiye anamva. Kutali, kuchidikha, injini inkalira. Inatsokomola posintha giya, n'kutsokomolanso. Kutsokomola kumeneko akanakuzindikira ngakhale ali m'tulo.

Bwana ananama! Usiku mumsewu mulibe wofunsa, ndipo kufakitale ankadikira katundu.

Anaimbira mlamu wake. Inaitana. Inaitananso. Mnyamatayo ankaona dzina pafoni n'kuchita manyazi, sakanayankha. Wamapasa anayang'ana tsidya la mlatho. Nyumba zinali mbuu m'kamwezi, zitseko zotseka, zovala za ana zili pazingwe. Nyumba yake inali pamzere woyamba, pomwe msewu umakhotera.

Atatembenuka, munthu uja anali atayamba kale kukwera mtsetse.

Wamapasa anathamanga. Anali munthu wa zaka zake, wozolowera mpando, ndipo chikweza chinamugwira pachifuwa nthawi yomweyo. Anathamangabe. Munthuyo sankathamanga. Ankayenda pang'onopang'ono, akukhwekhwereza mwendo wakumanzere. Koma anali patsogolo. Wamapasa anawonjezera liwiro. Munthuyo anali patsogolobe, mtunda womwewo.

Phazi lokhwekhwereza limachita phokoso paphula. Ili silinkachita.

Wamapasa ankamva nsapato zake zokha. Phaphapha. Phaphapha. Ndi mpweya wake. Ndi injini, imene tsopano inkamveka pafupi.

Mwezi unatuluka m'mitambo.

Ovolosi ya munthuyo inali mabowo okhaokha, ngati yadyedwa ndi chiswe. Kumsana inali itamatirira pathupi. Nsapato zake zinalibe zidendene, zinali zosungunuka. Ndipo manja aja... manja aja analibe khungu!

Miyendo ya Wamapasa inafuna kubwerera yokha. Kumbuyo kunali mlatho ndi ana ake. Kutsogolo kunali chinthu ichi. Ndi injini.

"Musaime, adalaivala," anatero munthuyo osacheuka. "Ine ndinachedwa."

Wamapasa anathamanga. Anadutsa kasitolo ka malata. Anapunthwa, anagwa, anadzuka bondo likutuluka magazi. Fungo linkamuotcha m'mphuno. Misozi inkatsika yokha. Chikwangwani chija chinaoneka. Kanyumba kaja kanaoneka. Mbuzi zinali zitatuluka zonse, zitaunjikana kutali, zikunjenjemera.

Magetsi a galimoto anatulukira pachidikha.

Wamapasa anavula malaya, anaima pakati pa msewu, anayamba kuwakupiza. "Alamu! Imani! Alamuuu!"

Hutala inalira. Galimoto sinachepetse. Dalaivala aliyense amadziwa kuti munthu mmodzi woimitsa galimoto usiku suima naye. Wamapasa yemweyo ndi amene anamuphunzitsa zimenezo mlamu wakeyo.

Magetsi anakula. Phula linayamba kunjenjemera pansi pa mapazi.

Munthu uja anabwera n'kuima pambali pake. Phewa ndi phewa. Kuzizira kwake kunalowa mpaka m'mafupa. Wamapasa anayang'ana pansi, kumbuyo kwawo, kumene magetsi ankaponya zithunzithunzi.

Chithunzithunzi chinali chimodzi. Chake.

Psiiiii!

Matayala analira. Magiya anakukuta ngati mano. Thanki yonse inagwedezeka, asidi akuwinduka m'kati. Chigalimotocho chinaseseleka... chinaseselekabe... Wamapasa anatsinzina.

Zii.

Atatsegula maso, chitsulo cha kutsogolo chinali pafupi moti akanachigwira ndi dzanja. Kumbuyo kwa zidendene zake ndi pamene msewu umayambira kutsika. Pambali pake panalibe munthu.

Chitseko chinatseguka, mlamu wake anagwera pansi ngati thumba. Anakwawa, anasuzumira kunsi kwa matayala, anadzuka akukuwa.

"Ndapha angati? Alamu, ndapha angati? Ali kuti?"

"Ndani?"

"Anthu aja!"

"Ndinali ine. Ine ndi... ndi bambo wina."

"Ayi! Msewu wonse unali anthu, kuchokera uko mpaka uko! Amayi, abambo, ana. Aliyense ndi chidebe m'manja. Angoti chilili, kundiyang'ana, osaphethira. Inuyo ndakuonani pomaliza, ndikanadziwa kuti muli nokha sindikanaima!"

Anayang'ana uku ndi uku. Kunalibe chidebe, kunalibe phazi la munthu pafumbi. Kutali kumtsinje, chule mmodzi anayesa mawu, anzake n'kumutsatira.

Wamapasa sanafune kuganiza. Anakwera pampando n'kupondanso buleki kuti aone. Inalowa mpaka pansi ngati waponda matope. Mpweya umene unaimitsa galimotoyo unali wotsiriza. Anatsika msanga, ndipo awiriwo anagubuduza miyala ikuluikulu n'kutsekera matayala. Kenako anatenga tochi ya mlamu wake, anagwada, anaunika pansi pa thanki.

Mphira uja unali utasungunuka. Waya anali lendee. Asidi sankadonthanso, ankatsika ngati kamkodzo ka mwana, ndipo pomwe ankagwera phula linkafuka utsi. Kanjira kakuda kanali katayamba kale kulowera ku ngalande, ndipo ngalandeyo imathera mumtsinje, pamene amayi a tsidya lija amachapira.

Mlamu wake anaona, anakhala pansi, anagwira mutu.

"Dzukani, alamu. Kulira mukalirira kwa mlongo wanu. Tengani fosholo."

Anakumba usiku wonse mosinthana, kuunjika dothi kuzungulira pansi pa thanki, kutseka pakamwa pa ngalande, malaya atamanga kumphuno. Manja anatuluka matuza. Mlamu anaimbira bwana, foni inali yozimitsa. Anaimba nambala ya kumbuyo kwa thanki, ataima pomwepo akuiwerenga ndi tochi, ndipo inaitana mpaka kuduka. Za munthu wa pamlatho sanakambirane.

Kutacha anthu anayamba kukwera mtsetse kudzaona. Ena anabwera ndi zigubu, atamva kuti thankala yafa pamwamba ndipo ikutaya. Wamapasa anawathamangitsa ndi fosholo, akukuwa ngati wamisala kuti amenewa si mafuta, ndi moto wamadzi, amene akufuna kukhala ndi zala abwerere. Zikwangwani zochenjeza za pathankipo zinali zitafufutika moti sakanawaimba mlandu.

Dzuwa litakwera ndithu, galimoto yoyera ija inafika, bwana wa depoti akutsatira pambuyo. Anali anthu omwewo, zipewa zomwezo. Anaima kutali, kumene mphepo inkachokera, timipango tili pamphuno. Wamkulu uja anakodola Wamapasa ndi chala.

"Ndani wakulolani kuimika galimoto yoopsa pamalo ano?"

Wamapasa anamuyang'ana. Kenako anayang'ana m'mwamba, pa chikwangwani cha dzimbiri chimene chinali pamutu penipeni pa bwanayo, cholamula kuti galimoto zoopsa ziziima pamenepo. Anthu anatsatira maso ake, ndipo ena anayamba kuseka mowawidwa mtima.

"Komanso iyi yayenda usiku," anapitiriza wamkuluyo, mawu atakwera. "Dalaivala wake ndi uti? Ameneyo ayankha mlandu."

Pamene ankalankhula, mnzake uja wokonda foni anazungulira mwakachetechete, anakwera pa sitepe ya galimoto, n'kuyamba kukanda sitika yobiriwira ija ndi kiyi.

"Isiyeni!" Wamapasa anakuwa mpaka mbuzi zinabalalika. "Isiyeni pomwepo anthu aione! Munamata nokha dzulo mukutokosa m'mano! Ndinakupemphani kuti musuzumire pansi, munandifunsa ngati ndine boma. Lero ndikufunseni ine: boma ndi ndani pano? Usiku wonse takumba ndi manja awa, ana anga ali m'tulo pansi apo, inu mafoni mutazimitsa. Ndiye mukufuna mlamu wanga ayankhe mlandu? Bwerani muwerame! Bwerani, thanki ndi iyi!"

Palibe amene anabwera. Wa kiyi uja anatsika, sitika itang'ambika theka, theka likadali pagalasi.

"Sangawerame, bambo. Musataye mawu anu."

Anali mayi wachikulire amene analankhula, wosoka zovala pakhonde la sitolo ina tsidya la mlatho. Wamapasa ankangomudziwa nkhope, chifukwa ndi amene anasoka mayunifolomu a mapasa ake. Mayiyo sanayang'ane a zipewa aja. Anayandikira thanki mpaka pomwe dothi linathera, n'kuloza m'mbali mwake, pamene panali mzere wotupa pansi pa penti, wautali ngati chipsera cha opaleshoni.

"Ndi yomweyi," anatero. "Anaivuula mumtsinje, anaiwotcherera, anaipaka penti ina. Imadutsa pakhonde panga sabata iliyonse, ndimaidziwa ngati mwana wanga." Kenako anatembenukira kwa Wamapasa. "Anthu akuti munaimitsa nokha. Munadziwa bwanji kuti ikubwera?"

"Anandiuza bambo wina pamlatho. Wamtali. Ovolosi yakale."

"Amakoka mwendo wakumanzere?"

"Eya."

"Anakutchulani kuti adalaivala?"

"Eya, mayi."

Mayiyo anagwedeza mutu ngati munthu amene wauzidwa zimene ankazidziwa kale. Anthu achikulire amene anali pafupi anayang'ana pansi. Mmodzi wa achikulirewo anavula chipewa.

"Ndi amuna anga," anatero. "Mwendowo anathyoka ali mwana. Aliyense wogwira chiwongolero ankamutchula choncho, ngakhale woyendetsa ngolo. Inu munali musanabwere kuno. Mwana wanga wamkulu anali kumsana nthawi imeneyo, pano ali ndi ana ake. Amuna angawo anadandaula za mabuleki ngati mmene mwachitira inumu, a boma anabwera, anamata pepala lawo, galimoto inanyamuka usiku. Mabuleki anathera pakati pa mtsetsewu. Akanatha kudumpha. Koma kutsogolo kunali nyumba zathu, ndiye anaikhotetsera kumtsinje, pafupi ndi mlatho."

Mayiyo analoza kumunsi, kumlatho.

"Anthu atamva chiphokoso anathamangira komweko ndi zidebe, poganiza kuti ndi mafuta. Pathanki panalibe cholembedwa chooneka. Amuna anga anatuluka m'galimoto akupsa, n'kumakankha anthu ndi manja awo, kuwakuwira kuti abwerere. Ena anamva. Ambiri anali atalowa kale m'madzimo mpaka m'mawondo. Tinaika maliro sabata yathunthu. Amuna angawo anamwalira usiku womwewo kukucha, pamlatho pomwepo, mutu uli pamiyendo pangapa."

Mlamu wa Wamapasa anayamba kulira mosabisa.

"Ndiye a boma anafufuza," anapitiriza mayiyo, ndipo apa mawu ake anauma. "Anabwera ndi zipewa zawo, anaima kutali ngati mmene aimiramu. Patapita miyezi analengeza kuti galimoto inali bwinobwino, dalaivala ndiye anali ataledzera. Munthu amene mowa sanaulawepo chibadwire! Ana anga akula akutchedwa ana a chidakwa chimene chinapha anthu. Amene anamata pepala lija anakwezedwa pantchito."

Bwana wa depoti anali atalowa kale m'galimoto yake, magalasi atakweza.

Wamapasa anakhala pa umodzi wa miyala imene anatsekera matayala. Phewa limene linagundana ndi munthu uja linali lozizirabe, dzuwa lonselo.

"Mayi," anatero motsitsa, "manda awo ali kuti? Ndikufuna ndikawathokoze."

"Ali kuseri kwa tchalitchi, ndimakalimira chaka chilichonse. Mukhoza kupita, koma simukawapeza." Mayiyo anakonza mpango wake kumutu, n'kuyang'ana anthu a zipewa zonyezimira aja koyamba. "Munthu tinamuika kalekale, koma sanagonepo. Agona bwanji, olembedwa ntchito yoyang'anira msewu uno akugona m'malo mwake?"